Galimoto, Uwauze Aponde Klatchi

Mutandiyalira zithunzi za madala a ku Misuku kuno n'kunena kuti ndiloze cha apongozi anga aamuna, ndikhoza kuloza cha munthu wina. Ndakhala nawo mudzi umodzi zaka zoposa makumi awiri, ndawaphikira, ndawaberekera adzukulu, koma nkhope yawo sindinaiyang'anepo. Dzina lawo nalonso simulipeza muno, chifukwa mtengwa wa kuno satchula dzina la bambo a mwamuna wake. Anthu ankawatcha Mwenegalimoto, ndiye nanenso ndizitero.

Mwezi watha tinamanga chiliza chawo, patatha chaka ndi miyezi ingapo chimwalirireni. Pokonza za anthu oyankhula pamwambowo, mlamu wanga wamkazi anaseka atamva kuti nanenso ndikufuna kunenapo mawu. Anati, "Inu alamu, munthu simunamuonepo, mukanena kuti chiyani?" Ndinangoti chabwino. Pachiliza sindinayankhule, koma ndiyankhula pano, pomwe palibe wondikoka chitenje kuti ndikhale pansi.

Munthu amene sumuona umamudziwa ndi makutu. Nyumba yathu ili m'munsi mwa yawo, kuseri kwa nthochi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamva chitseko chawo, kenako chifuwa, kenako boneti ya pikapu ikulira potseguka. Tiyi asanamwe ankayamba aona mafuta a klatchi. Akapeza zili bwino ankaimba nyimbo ya kutchalitchi, mbali ya besi yokhayokha. Akapanda kuimba, ana anga ankadziwa okha kuti lero kwa agogo sikopitako. Mawu ndiye anali nawo, Mulungu anawapatsa mosaumira. Akaitana galu wawo kumtunda, ankayankha ndi agalu a kutsidya. Galimotoyo ankayankhula nayo ngati munthu, m'Chisukwa chawo, lero kuinyengerera, mawa kuikalipira.

Kwa amene sanagwirepo za galimoto ndifotokoze pang'ono, poti nanenso ndinadziwira ukulu. Klatchi ya pikapu imeneyi siyendera waya, imayendera mafuta, omwe aja amathira ku mabuleki. Amakhala m'kachikho pansi pa boneti. Ukaponda chopondera, mafutawo amakankhana m'kapaipi mpaka kukafika pansi pafupi ndi giyabokosi, ndiye giya imamasuka. Koma m'kapaipimo mukalowa mpweya, ngakhale pang'ono, umangoponda mphepo. Chopondera chimagwa pansi, giya imakana kulowa, ndipo pamapiri a kuno ndiye kuti ulendo wathera pomwepo.

Mwenegalimoto ankati galimoto siphedwa ndi phiri, imaphedwa ndi mwini wake amene amati ndiona mawa. Ankatinso chifunga cha kuno chimalowa paliponse, m'mafupa, m'thumba la mchere, ngakhale m'mafuta a klatchi. Atsopano amaoneka ngati uchi wosungunuka, koma akamwa chinyezi amada, ndipo akada amayamba kudya za mkati mwakachetechete. Choncho dzinja lisanayambe, komanso anthu akatha kukolola khofi, ankachotsa akale onse n'kuthira atsopano, ngakhale klatchi ikhale ikugwira bwinobwino. Madalaivala anzawo ankawaseka kuti akutaya mafuta amoyo. Ena mwa osekawo, mafuta akawathera panjira, ankathira madzi a sopo kuti angofika. Mwenegalimoto akamva zimenezo ankalavula, n'kunena kuti tidzakumana pamtunda. Ndipo ankakumanadi, iwo akukoka mnzawoyo ndi chingwe, akumulalikira njira yonse.

Mkangano waukulu umene ndinaumva kuseri kwa nthochi unali wa iwo ndi mwana wawo Ambokile, mwamuna wanga. Atabwerekedwa galimoto kupita ku boma, Ambokile anapeza kachikho katatsika, n'kuthiramo oyilo wa injini poti ndi amene anali pafupi. Pasanapite nthawi malabala onse a mkati anafufuma. Bambo ake sanamumenye, anali kale munthu wandevu zake. Anangomukhazika pamwala tsiku lonse, iwo akumasula, kutsuka ndi kuika malabala ena, uku akumufunsa mobwerezabwereza ngati mwana wake atadwala angamubaye jakisoni wa parafini poti ndi amene ali pafupi. Ambokile anabwera kunyumba madzulo ataweramitsa mutu, ndipo ine ndinamupatsa madzi osamba ndikubisa kuseka.

Ine ndine wa ku Ntcheu. Ndinabwera kuno kudzaphunzitsa, ndikuganiza kuti ndingokhala pang'ono n'kupempha kusamutsidwa, ndiye kunatulukira Ambokile ndi mano ake oyera aja, nkhani yosamuka inathera pomwepo. Kwathu ulemu kwa apongozi ulipo, timagwada, timayankhula motsitsa mawu. Koma zakuno ndi zina. Amayi a Ambokile anandikhazika pansi nditangolowa m'banja. Atatavyala, ndiye kuti apongozi aamuna, suwayang'ana, suwayankhula, sukhala pomwe amakhala, sudutsa pabwalo pawo. Mukakumana panjira, iwe umapatuka, chitenje kumutu. Ndinalowa m'minda ya khofi ya anthu ambiri zaka zimenezo, ndipo tsiku lina ndinalowa m'chitedze. Mabanja ena anasiya kale zoterezi, koma osati kwa Mwenegalimoto. Nawonso mbali yawo ankaisunga mosaphonya. Akadziwa kuti ndili m'njira ankatsokomola akadali patali, kapena kuliza hutala, kuti ndipeze mpata wobisala.

Kuuma mutu kwawo pa galimoto kunali ndi pochokera. Amayi a Ambokile anandiuza tsiku lina tikusankha khofi kuti mwana wawo woyamba, wamkazi, anatsirizikira pamachila, amuna akuthamanga naye kutsika phiri kukafuna galimoto kumsewu waukulu. Bambo ake anali mmodzi wa onyamulawo. Maliro atatha anawoloka Songwe, anakakhala zaka ku Tanzania akukweza katundu pamalole, kenako anaphunzira sipanala, kenako chiwongolero. Anabwerako ndi pikapu, mawu oti polepole, ndiye kuti pang'onopang'ono, ndi lamulo limene sankakambirana ndi munthu: wodwala akafika, katundu yense atsike. Ndinaonapo ndi maso anga matumba a khofi ataunjikidwa pambali pa msewu, eni ake akutukwana, galimoto itatembenuka kale ndi mayi wapakati.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali pakati pa dzinja, mvula ikugwa ngati yatumidwa. Mwana wanga woyamba, Lusubilo, anali asanayambe sukulu. Anatentha thupi, ndipo m'mawa wina anayamba kukomoka, maso kutembenuka. Pachipatala chathu chaching'ono anamubaya jakisoni n'kundiuza kuti malungo akwera kumutu, magazi achepa, mwanayu afunika afike ku chipatala cha boma lero lomwe. Ambulansi inali itapita kale ndi wodwala wina. Ambokile anali ku Karonga, amayi ake anali kumaliro kutsidya. Amene analipo ndi Mwenegalimoto.

Sindikudziwa amene anawauza. Ndinangomva hutala, kenako pikapu ikubwera chafutambuyo mpaka pakhonde, kuti iwo asayang'anizane nane. Kumbuyo anali atayala matiresi n'kukoka lona pamwamba. Ndinakwera ndi mwana, ndinagogoda padenga, tinanyamuka.

Msewu wopita ku Kapoka nthawi imeneyo, mvula ikagwa, unkaterera ngati therere. Titawoloka kamtsinje kena, pomwe msewu umakwera chiimire, ndinamva mwala ukumenya pansi pa galimoto. Tinayendako pang'ono, kenako giya inayamba kukukuta mano, injini n'kuzima. Ndinawamva akutsika ndi kuika miyala kumatayala. Anayesa kuiliza ili mu giya, koma pamtunda wotero batire inangobuula. Ine ndinali pansi pa lona, ndikumva jombo zawo m'matope, boneti, sipanala. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa chimene chinachitika. Mwala uja unagwedeza kapaipi pomwe kamalumikizira pansi, mafuta a klatchi n'kutayika onse. Kumanga kapaipi anamanga, mafuta ena anali nawo, poti botolo silinkachoka kuseri kwa mpando. Koma m'kapaipi munali mutalowa mpweya, ndipo kuutulutsa, kumene amakanika amati kubulida, ndi ntchito ya anthu awiri: wina pansi ndi sipanala, wina pampando akuponda. Munthu wachiwiri panalibe. Mvula imeneyo ngakhale mbuzi sinali panjira.

Mvula inkamenyabe lona. Lusubilo ankapuma mothamanga, milomo itayera. Ndinafuna kukuwa kuti bambo inu chitanipo kanthu, koma pakamwa panga panali pataphunzitsidwa bwino. Ndinawamva akuyenda kupita kutsogolo, kubwerera, kutsokomola. Kenako dzanja linamenya chitseko cha galimoto, ndipo mawu aja anamveka, koma ulendo uno osati m'Chisukwa.

"Iwe galimoto," anatero m'Chichewa chawo cholemera, "sono tamvera. Uwaphalire amake Lusubilo kuti ine ndikulowa pasi. Iwo atenge mwana, alowe kutsogolo, akhale pampando wanga."

Pampando wawo! Mpando umene ngakhale nsonga ya chitenje changa sinkayenera kuukhudza. Ndinadikira mpaka nditamva msana wawo ukukwekwereka m'matope, ndiye ndinadumpha ndi mwana, ndinamugoneka pampando pambali panga, ine n'kukhala kuseri kwa chiwongolero.

"Galimoto, uwaphalire. Chopondera cha kumanzere. Aponde polepole, asiye, apondenso. Ndikanena, aponde mpaka pasi, agwire. Asasiye yayi mpaka amve mawu anga."

Ndinaponda. Chopondera chinali chofewa ngati palibe kanthu, ndipo nthawi zina chinkatsalira pansi, ine n'kuchikoka ndi zala za kuphazi. Atanena kuti ndigwire ndinagwira. Tsono ndiwauza bwanji? Ndinayang'ana chiwongolero, manyazi atandigwira ngati wamisala woyankhula yekha pamsika, n'kunena kuti, "Galimoto, uwauze kuti ndagwira." Amenewo ndi mawu oyamba amene ine ndi apongozi anga tinauzana, ngati kumeneko kunali kuuzana.

Pansi pamenepo pali kabawuti kakang'ono kabowo, amakanika amati nipo. Akakatsegula wina ataponda, mafuta amatuluka pamodzi ndi mpweya. Iwo atatsegula ndinamva chopondera chikuthawa pansi pa phazi langa, ndinachita mantha kuti ndaswa chinthu, n'kukweza phazi.

"Galimoto, wamezanso mpweya," anatero. Sanakalipe. "Palibe kanthu. Uwaphalire kuti phazi likachoka ine ndisanatseke, tabwerera pomwe tinayambira."

Tinayambiranso. Aponde, agwire, asiye. Aponde, agwire, asiye. Pakati ankatuluka kukawonjezera mafuta m'kachikho kuti kasaume, ndipo boneti yotseguka ija inkatitchinga kuti tisaonane. Tili mkati, phazi langa lili pansi, Lusubilo anayambanso kuphiriphitha. Thupi lonse linauma, thovu kukamwa, mutu ukutsetserekera kumphepete kwa mpando. Ndinatambasula dzanja n'kumugoneka cham'mbali monga anandiuzira anamwino, koma kuti ndimunyamule bwinobwino ndinayenera kuchotsa phazi. Pansi ndinkamva sipanala ikuterereka pakabawuti konyowa. Ndinalira mokweza, sindibisa. Koma ndinaluma mano n'kunena mumtima kuti phazi ili lichoka pano pokhapokha alidule.

"Galimoto," mawu anachokera pansi, otsika kuposa kale lonse, "ndamva. Uwaphalire agwire ndithu. Mwana tifika naye."

Sindikudziwa kuti ndinagwira nthawi yaitali bwanji. Atanena kuti ndisiye ndinanyamula mwana, anali atafooka koma akupuma. Tinabwerezanso, ndiye chopondera chinayamba kukankhana ndi phazi langa. Ndinati, "Galimoto, uwauze kuti chalimba." Pansi panachokera liwu limodzi lokha, loti yewo.

Nditayamba kukonzeka kuti tibwerere pansi pa lona, anamenyanso chitseko. "Galimoto, mwana asanyowenso yayi. Amake asendere uko, ayang'ane kuwindo." Anatenga thumba la khofi lopanda kanthu, analikoloweka kudenga pakati pathu, n'kulowa atanyowa, akununkha matope ndi mafuta a mabuleki. Giya inalowa popanda kudandaula. Njira yonse ine ndinayang'ana mapiri, iwo anayang'ana msewu, ndipo palibe anayankhula ngakhale ndi galimoto yomwe. Lusubilo anapatsidwa magazi masana omwewo. Lero ali pabanja pake, ndipo amalongolola kuposa ine.

Nkhani sinachedwe kufika kumudzi kuti Mwenegalimoto waonedwa atakhala kutsogolo ndi mkamwana wake, ndiye kuti mkazi wa mwana wake. Abale awo anawaitana kuti afotokoze. Ndinamva kwa amayi a Ambokile kuti Mwenegalimoto anayankha kuti mkamwana sanamuone, ndipo sanayankhule naye. Anayankhula ndi galimoto yawo monga amachitira masiku onse, ndipo ngati pali mlandu aiitane galimotoyo idzayankhe. Anawonjezera kuti amene akuganiza kuti anayenera kudikira munthu wodutsa akanenere mawuwo kumanda, pomwe pagona mwana wawo woyamba. Bwalo linabalalika popanda wotsutsa.

Atangothana ndi amenewo anayambana ndi a mbali ina. Abusa ndi Ambokile anawauza kuti poti zafika apa, bwanji angothetsa mwambowu. Njira yake ilipo, amapereka mphatso kwa mtengwa pamaso pa anthu, n'kugwirana chanza, basi. Anakana. Ndinakwiya, ndipo polemba pano ndikadali wokwiya pang'ono. Ndinatuma Ambokile kuti akawafunse kuti ndi munthu wanji amene amagona m'matope chifukwa cha mwana wanga koma n'kumaopa maso anga. Yankho linabwera loti iwo saopa munthu. Ulemu umenewu anaulandira kwa bambo awo, si wawo woti angautaye, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene angamupatse mkazi wa mwana wawo tsiku lililonse osatha. Ndinati zamkutu. Sindinasinthe maganizo, nawonso sanasinthe.

Koma khofi atatha kukolola chaka chimenecho, Lusubilo anabwera akuthamanga. "Amama, agogo akuti galimoto ikukufunani." Oponda klatchi analipo ambiri pamudzi, ana awo ndi adzukulu a abale awo. Iwo ankati onsewo amaponda ngati akuvina mapenenga, koma phazi la amake Lusubilo silinama. Kuyambira pamenepo ntchito yosintha mafuta inakhala yanga ndi yawo. Ndinkadzera kuseri, maso pansi, ndikapeza iwo atalowa kale pansi pa galimoto, jombo zokha zikuonekera.

Pakakhala mtendere ntchitoyi ankaigwira mwaudongo. Mafuta akale a m'kachikho ankayamba awakoka ndi sirinji, n'kupukuta mkati ndi kansalu koyera, ndipo dontho likagwera papenti ankalitsuka msanga poti limasupula. Pa nipo ankavekapo kapaipi ka diripi kolowa m'botolo, kuti aziona chimene chikutuluka. Poyamba ankatuluka akuda, kenako ofiirira, kenako oyera opanda thovu. Ankandiuza zonsezi kudzera mwa mthenga wathu, ngati munthu woulutsa mpira pawailesi. Ndipo pakati pa aponde ndi asiye m'pamene pankalowa nkhani.

"Galimoto, ndamva amayi awo ku Ntcheu sali bwino. Uwafunse ali uli."

"Galimoto, uwauze kuti akupezako, atuluka m'chipatala."

"Yewo. Sono uwaphalirenso kuti nyemba za dzulo zinalibe mchere."

"Galimoto, uwakumbutse kuti mchere anawaletsa a dokotala."

"Iwe galimoto, wakhala mbali iti?"

Chaka chimene Ambokile analowerera mowa, sindinapite kwa ankhoswe kapena kwa abusa. Ndinadikira tsiku losintha mafuta, ndipo phazi lili pansi ndinauza galimoto kuti ndatopa, ndikulongedza, ana ndipita nawo kwathu. Sipanala inatseka nipo, ndiye mawu anati, "Galimoto, uwaphalire andipatse sabata." Chimene anamuuza mwana wawo sindinachimve, ulendo umenewo sanakweze mawu. Ndikudziwa chabe kuti sindinalongedze. Amayi a Ambokile ndi amene ankatinyogodola, ankati galimoto iyi masiku ano yayamba kumwa mafuta ngati chidakwa, mwezi ndi mwezi ifuna atsopano. Ankanena zoona. Nthawi zina amene ankatuluka m'kapaipi anali oyera kuyambira dontho loyamba, koma ine sindinafunse ndipo iwo sanafotokoze.

Maso atayamba kuchita mdima anapereka chiwongolero kwa Ambokile, atachita kukangana naye nyengo yonse ya mvula. Sipanala ndiye anakaniza. Ankati pansi pa galimoto safuna maso, zala zimaona zokha. Ulendo womaliza anachedwa kwambiri pansipo, ndipo m'malo mwa nkhani ankangouza galimoto za ntchito: kuti nipo imatsekedwa ndi zala osati ndi ukali, kuti kachikho sikasiyidwa kouma, kuti botolo lotsegula kale salisunga mpaka chaka china. Ndinadziwa kuti wophunzitsidwayo ndinali ine. Titamaliza analephera kutuluka okha. Ambokile anawakoka miyendo, ine ndikuyang'ana kuwindo mpaka atalowa m'nyumba.

Sanadwale nthawi yaitali. Ndinkaphika phala n'kutuma ana, ine n'kukhala panja kuseri kwa khoma la chipinda chawo ndikumvetsera kupuma kwawo. Kumeneko kunalibe galimoto yoti ndiitume. Anatisiya m'mawa wina nyengo yozizira, chifunga chisanachoke.

Tsiku loika maliro, itafika nthawi yoona nkhope, amayi a Ambokile anadzuka okha pamphasa n'kudzandigwira dzanja. Anati, "Sono mwambo watha, mkamwana. Tiye ukawaone atatavyala ako." Chinthu chimenechi ndinachilakalaka zaka zonsezo. Ndinachikwiyira, ndinachitumira mauthenga, ndinachilota. Ndinalowa pamzere, ndinayenda mpaka ndinaona kumiyendo kwa bokosi, ndiye miyendo yanga inaima. Munthu uyu moyo wake wonse ankandipatsa msana mwaulemu, ndipo lero sakanatha kutembenuka. Kuwayang'ana pamenepo kukanakhala kuwabera. Ndinakoka chitenje kumutu n'kudutsa. Ena anati ndi kunyada, mlamu wanga anati ndinaopa mtembo. Anene zimene akufuna. Mwambowo sindinaukondepo ngakhale tsiku limodzi, koma mwini wake ndinamukonda ngati bambo wondibereka.

Galimoto ikadayendabe, ndipo wodwala akafika katundu amatsika. Ikachoka m'mawa, pamalo pake pamatsala poyera, ndipo tsopano palibe wondiletsa kupitapo. Ndi kachisakasa ka mitengo ndi malata adzimbiri pambali pa nyumba. Dothi lake ndi lakuda, udzu sumera. Pali tinjira tiwiri ta matayala, ndipo pakati pake pali kadzenje kosaya kamene anakumba ndi khasu molingana ndi thupi lawo, kuti mikono izipeza mpata. Kanasalala ndi msana wawo, ndipo kumutu kwake kuli kathabwa kamene ankatsamira. Masana nkhuku zimasambamo fumbi.

Mvula ili pafupi ndipo mafuta ada. Ndauza Ambokile kuti chaka chino woponda ndi iye, pansi ndilowa ine. Dzulo pamudzi patakhala popanda anthu ndinapita kukayesa malowo. Ndinathamangitsa nkhuku, ndinayala chiguduli, ndinagona chagada. Mapewa anga sanakwanemo. Miyendo inatsalira kunja. M'mutu mwanga Mwenegalimoto anali chimphona, munthu woti polowa pakhomo aziwerama. Koma anali kamunthu kochepa thupi, kochepa kuposa ine, ndipo zaka zonsezi palibe anandiuzapo. Ndinagona pamenepo ndikuyang'ana malata, misozi ikulowa m'makutu.

Ambokile wati abwera ndi khasu akulitseko pang'ono kuti ndizikwanamo. Ndakana. Ndizipanikizika momwemo.